Njinga ya Che Amidu Inandibweza ku Chiuta

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Ndati Ambuye alemekezeke! Zikomo abusa pondipatsa mpata. Amayi a kwaya mwaimba bwino, koma takhalani pansi pang'ono, chifukwa zimene ndabwera nazozi n'zolemera.

Dzina langa ndine Mofati. Ena a kuno ku Phalula mukundidziwa, ndipo ndikukuonani mukukodolana. Eee, ndine yemwe uja. Wakabaza uja ankagona m'ngalande kuseri kwa msika, njinga ili pamwamba pake. Ndiyang'aneni bwinobwino, musachite manyazi. Manyaziwo ndinawamaliza ndekha.

Kwathu ndi kwa Nsamala, koma ndinakakwatira ku Chiuta, m'mbali mwa nyanja. Ndinali mkamwini kumeneko. Akazi anga anali a Esita, ndipo tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, Tiyamike. Ntchito yanga inali ya nsomba. Ndinkagula matemba ndi milamba youma kwa asodzi, n'kumanga dengu pakaliyala, ulendo wa ku Ntaja. Njinga inalipo imodzi pabanja lonse la apongozi anga, ndipo inali yangayo. Ndinkadzimva nayo, abale. Ndikaliza belu, ngakhale nkhuku zinkadziwa kuti bambo a Tiya afika.

Tiyamike ali ndi zaka zinayi, mayi ake anali oyembekezera. Mwezi unali womaliza. Tsiku lina m'mawa ndikumanga dengu, iwo anatsamira chitseko n'kunena kuti, "Bambo a Tiya, lero musapite. Msanawu sukundisangalatsa."

Ine ndinati, "Iyayi, nsombazi zionongeka. Dzuwa likamafika pamutu ndikhala nditabwera."

Abale, nsomba youma imaonongeka tsiku limodzi? Ndinanama. Ndinkafuna msika basi. Nsombazo zinatha msanga, koma m'malo mobwerera ndinakhala pabawo. Pabawo panabwera botolo. Botolo linaitana linzake. Ndinanyamuka dzuwa litapendeka.

Ndikuyandikira mudzi ndinaona masamba atayalidwa pamsewu. Mukudziwa nonse tanthauzo lake. Ndinatsika njinga monga mwa mwambo, n'kuvula chipewa. Ndinafunsa bambo wina amene anaima pambali kuti, "Zovutazi zagwa kwa ndani?" Bamboyo anangoyang'ana pansi. Ndinafunsa wachiwiri, nayenso anayang'ana pansi. Ndinapitiriza kukankha njinga, ndipo kulira kuja kunali kutuluka m'nyumba mwanga.

Matenda anawayamba a Esita ine nditangochoka. Njinga panalibe. Anthu anazula chitseko, n'kuwagoneka pamenepo, amuna anayi n'kunyamula. Chipatala chili kutali. Anatsirizikira panjira, iwo pamodzi ndi mwana amene anali m'mimba.

Palibe amene ananditukwana. Bola akananditukwana! Apongozi anga aakazi anangondiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana njinga. Basi.

Tinaika maliro. Mwambo wake mumaudziwa: mwamuna amakhala pamudzi mpaka kumeta, mpaka eni mbumba atamusudzula, n'kukambirana za ana. Ine sindinadikire. M'mawa mwake anthu ali kalikiliki ndi kuphika, ndinatenga njinga ngati ndikupita kudambo. Tiyamike anali atakhala pakhonde. Anati, "Ababa, ndikwere nawo." Ndinati, "Ndikubwera." Sindinabwere. Zaka zitatu, abale! Zaka zitatu sindinabwere!

Kwa Nsamala sindinapite, chifukwa ankhoswe akanandipeza. Ndinabwera kuno ku Phalula, n'kuyamba kabaza. Ndinkapalasa m'mawa, masana n'kumwa. Mwana wanga ndinkamufuna, Mulungu ndi mboni. Ndikaona kamtsikana kamsinkhu wake kakupita kusukulu, mtima unkachita ngati wina waufinya. Koma ndikati ndinyamuke ndikamuone, ndinkaona maso a apongozi aja. Ndinkadziuza kuti munthu ngati ine alibenso mwana.

Ndipo ndinadwala nthenda ina yachilendo. Ndinkaopa masamba a pamsewu. Ndikawaona patali, ndinkakhota n'kudzera m'minda, ngakhale wokwera akudandaula. Zaka zitatu sindinapondepo pamaliro a munthu, ngakhale a anzanga a pasiteji. Ankati Mofati ndi wouma mtima. Sunali kuuma mtima, anali mantha.

Tsiku lina ndinamwa kuyambira m'mawa. Ndikutsika kamtunda kumudzi wina chakumadzulo kuno, ndinangozindikira masamba ali pamphuno. Kokhotera kunalibe. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatseka maso n'kupalasa mwamphamvu. Ndinaponda masamba aja. Ndinadutsa pakati pa anthu atanyamula jeneza, chitanda cha abale athu achisilamu, ndikuliza belu ngati ndili pamsika. Mayo ine!

Anyamata a m'mudzimo anandigwira. Anandipatsa zimene ndinkayenera, ndipo sindikuwadandaula. Njinga anaipondaponda mpaka limu kupindika. Ndili pansi, magazi ali m'kamwa, ndinamva mawu a munthu wamkulu akuti, "Basi, basi! Tabwera kudzaika mmodzi, tisaike awiri."

Anali Che Amidu. Mukuwadziwa, okonza njinga aja a pansi pa mtengo wa masawu, a ndevu zoyera, a kapu yoluka. Munthu wochepa thupi, woti mphepo ya Ogasiti ingamutenge. Koma atalankhula, anyamata onse aja anabwerera m'mbuyo. Anandidzutsa, n'kundipukuta kumaso ndi mpango wawo, n'kunena kuti, "Che Mofati, mawa mubweretse njingayi."

Che Mofati! Abale, kuno ndinkatchedwa Chidakwa. Dzina langa lenileni ndinali nditaiwala kuti limamveka bwanji likatchulidwa mwaulemu.

Mawa lake ndinapita. Anakhala tsiku lathunthu akuwongola limu lija, sipoko imodziimodzi, osakweza mawu, osandifunsa kanthu. Atamaliza anazunguza tayala, n'kunena kuti, "Sabata yamawa ndikuyamba ulendo wanga wa chaka ndi chaka. Mawondo akuyamba kundikana, ndikufuna wondithandiza kunyamula katundu. Koma mwina simungathe, poti mowa unakumalizani mphamvu."

Anzanga a kabaza anali pomwepo, ndipo anafa nacho chiseko. Ine magazi anawira. Madala awa andipose ine panjinga? Ndinavomera pompo. Musaganize kuti ndinavomera chifukwa cha chifundo. Ndinavomera chifukwa cha matama, ndipo Che Amidu ankadziwa bwino lomwe pamene anandikola.

Ulendo wake unali wotere. Chaka chilichonse anthu akakolola, Che Amidu amatseka ntchito yawo n'kuzungulira midzi panjinga, Balaka yense mpaka Machinga. Amapempha chilichonse chimene munthu angathe: mbale ya chimanga, nandolo, nkhuku, mazira. Zikachuluka amagulitsa pamsika wapafupi, ndipo zonse zimapita kwa wowotcherera zitsulo wina ku Liwonde, amene amapanga ngolo yonyamulira odwala, ija imakokedwa ndi njinga, ena amati ambulansi ya njinga. Chaka chilichonse ngolo imodzi, mudzi umodzi wakutali ndi chipatala. Iwo amati imeneyo ndiye sadaka ya abale awo amene anamwalira.

Tinanyamuka pano m'mamawa. Ine ndinathamanga ngati ndikupikisana ndi basi, n'kuwasiya kutali. Pofika masana lilime linali panja, ndili chigonere pansi pa mlambe. Madala aja anangodutsa, phe, phe, phe, mapedulo akuzungulira mofanana ngati mmene anayambira. Sanaime n'komwe. Anangoti, "Kwende, Che Mofati," ndiko kuti tiyeni m'Chiyao chawo. Ndinadzuka mwamanyazi.

Abale, munthu uyu ndinamuona ndi maso angawa. Akafika pamudzi sayamba n'kupempha. Amayamba wafunsa ngati pali njinga yowonongeka. Amamata chubu, amakonza mabuleki, kwaulere, kwinaku akufotokoza za ngolo. Ena ankatiseka, amvekere, "Madalawa mutu sukuyenda." Iwo ankaseka nawo. Mayi wina wosauka anabweretsa mazira awiri, akuchita manyazi. Che Amidu anawalandira ndi manja awiri, atawerama, ngati apatsidwa ng'ombe. Ndipo pa zopereka zija sankadyapo ngakhale dzira limodzi. Tsiku lina njala itandipweteka ndinati tiwotcheko nkhuku imodzi, palibe adziwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Imeneyo si nkhuku, Che Mofati. Ndi sipoko ya ngolo." Tinatafuna chinangwa chathu chouma.

Nthawi yoswali ikakwana ankaima paliponse, n'kuyala kamkeka, ine n'kugwira njinga. Lamulungu loyamba tinadutsa pa tchalitchi china anthu akuimba. Iwo anamanga mabuleki. Anati, "Lowani." Ndinati iyayi, ndinasiya kalekale. Anati, "Ine ndimaima kasanu patsiku, inu mukulephera kamodzi pasabata? Lowani, njinga ndikuyang'anirani." Mwamva, abale? Amene anandibweza m'tchalitchi ndi Msilamu! Mulungu akafuna kukutola safunsa kaye komiti ya mpingo. Aleluya!

Koma panali chinthu chimodzi chimene sanandiuze ponyamuka. Paulendowu Che Amidu sadutsa masamba. Kutsika njinga kokha sikuwakwanira. Amatsamiritsa njinga pamtengo, n'kukakhala pansi ndi anamfedwa, kaya ndi Akhristu, kaya ndi Asilamu, kaya sakuwadziwa. Amati ulendo wokumbukira akufa sungalambalale maliro, pakuti maliro n'kulirana.

Koyamba ndinatsala kumsewu, ndikunamizira kukonza tcheni. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu tinali m'midzi ya kwa Nsamala. Atatsika anandigwira dzanja, n'kunena motsitsa kuti, "Tcheni chanu ndinakonza ndine, chilibe vuto. Kwende."

Tinakhala pansi kumbali ya amuna. Nditafunsa, anati womwalirayo ndi mayi wachitsikana, wapita pobereka. Abale! Pa maliro onse a m'Balaka, Mulungu anandisankhira amenewo. Mwamuna wake anali atakhala potero, mnyamata wochepa kwa ine, maso ali psuu. Pamiyendo pake panali kamwana kakakazi, katagona tulo. Anthu ankabwera kudzamupepesa, iye osasuntha, dzanja lili pamutu pa mwana. Analipo. Sanathawe. Ndi zokhazo zimene ndinaona: munthu uyu sanathawe.

Ndinalira, abale. Ndinalira mokweza ngati mwana, mpaka anthu kumafunsana kuti kodi ameneyu ndi mlongo wake wa malemu? Misozi ya zaka zitatu inatulukira pa maliro a munthu amene sindinamudziwe n'dzina lomwe.

Titachoka pamenepo ndinawauza Che Amidu zonse. Za dengu, za bawo, za chitseko, za Tiyamike pakhonde. Ndinkayembekeza ulaliki. Koma iwo anati, "Inu njinga munapita nayo kumsika. Ine yanga inali pakhomo, koma nditaimasula. Ndinachotsa tayala n'kuika panjinga ya kasitomala, ndikuti ndigula lina mawa. Mawa lakelo kolera inalowa m'nyumba. Akazi anga abiti Saidi, ndi ana anga Yusufu ndi Twaibu. Wokonza njinga za mudzi wonse, ndinasowa njinga yonyamulira banja langa. Sabata isanathe onse atatu anali kumanda."

Apo m'pamene ndinamvetsa chimene ankanong'ona tikafika pamwamba pa chitunda chilichonse. Ine ndinkayesa akudandaula mawondo. Anali kutchula maina atatu aja.

Ndinafunsa kuti, "Nanga mtima unapola?"

Anati, "Iyayi. Koma unasiya kununkha. Chilonda chobisa ndicho chimanunkha." Kenako anaimirira, n'kukutumula fumbi, n'kunena kuti, "Ngolo ya chaka chino ndinali ndisanaipezere mudzi. Inshallah, Mulungu akalola, ipita ku Chiuta."

Ndinkafuna, komanso ndinkaopa. Kuyambira tsiku limenelo ndinapalasa ngati munthu wina. Mowa sindinaulawe, osati chifukwa ndinali wolimba, koma madala aja sankandipatsa mpata. Tinazungulira Balaka, Ulongwe, tinawoloka Shire pa Liwonde. Matayala anaphulika kosawerengeka. Pamapiri a ku Machinga tinkakankha, thumba la nandolo kumbuyo, thukuta mpaka m'maso. Matako anatupa moti ndinkadya choimirira. Tinatha masabata asanu tili panjira. Pomaliza tinabwerera ku Liwonde kukatenga ngolo, yatsopano, yopakidwa utoto, ya matiresi ndi kadenga koteteza dzuwa. Ndinaikoka ndine mpaka kupitirira Ntaja.

Tsono tamverani uchitsiru wanga. M'mutu ndinali nditakonza kale zonse. Ndinkati ndikalowa m'mudzi ndikukoka ngolo, belu likulira, amayi akululutira, apongozi akaona zimenezo mkwiyo uthera pomwepo. Ndinagula ndi malaya atsopano pa Ntaja.

Titatsala pang'ono kufika, nyanja ikuoneka, Che Amidu anaima pa mzikiti wina. Anamasula ngolo kunjinga yanga, n'kuimanga kwa yawo. Anati, "Ngolo igona pano. Ibwera mawa ndi ine. Inu pitani lero, wapansi, njinga musiye."

Ndinakwiya. Ndinati, "Che Amidu, ndakoka chinthu chimenechi mtunda wonsewu kuti ndikalowe chimanjamanja?"

Anati, "Ngoloyi ndi ya odwala, si yobisalamo inu. Mukalowa nayo, anthu aja adzasowa pokukalipirani, ndipo mawu amene akhala nawo zaka zitatu adzawameza. Asiyeni alankhule. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Ndinayenda wapansi, abale. Mtunda waufupi, koma unandilemera kuposa masabata asanu aja. Anthu pazithandala zoyanikira nsomba anasiya ntchito n'kumandiyang'ana. Palibe anandipatsa moni. Ndinafika pakhomo pa apongozi, n'kukhala pansi pafumbi, patali, monga achitira mkamwini. Anaitana amalume a malemu akazi anga, eni mbumba. Anandilankhula, ndipo mawu ake sindingawabwereze m'nyumba ya Mulungu muno. Onse anali oona. Ine ndinangoti, "Ndinalakwa."

Apongozi aakazi sanatuluke. Analankhulira kuseri kwa mpanda. Anati, "Mwana wanga munamusiya kawiri. Koyamba ali moyo, kachiwiri ali m'manda. Koyambako ndinakukhululukirani kalekale, chifukwa imfa simunaipange ndinu. Kachiwiriko ndiye kumandiwawa. Maliro munawasiya pakati, bambo. Sitinakusudzuleni. Mukadali mkamwini pano. Khalani pansi mumalize kulira."

Kenako anaitana Tiyamike. Anabwera kamtsikana katalikatali, ka zaka zisanu ndi ziwiri, nkhope yonse ya mayi ake. Kanagwada patsogolo panga mwaulemu, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, amalume?"

Amalume! Abale, zibakera za anyamata aja sizinandipweteke ngati mawu amenewo. Agogo ake anamuuza kuti awa ndi bambo ako. Iye anangondiyang'ana, n'kuthawira kuseri kwa nyumba.

Mawa lake Che Amidu anafika ndi ngolo. Mudzi wonse unasonkhana, Akhristu ndi Asilamu. Iwo sanalankhule zambiri. Anaonetsa momangira, anaonetsa mogonekera wodwala, anatchula maina atatu a abale awo, n'kupempha chilolezo kwa eni mbumba kuti atchulenso lachinayi, la a Esita. Apongozi anatuma mawu akuti, "Ngolo talandira, ndi ya mudzi. Koma si malipiro a mwana wanga." Che Amidu anati, "Mwanena zoona, mayi. Munthu alibe mtengo." Anamwa madzi, anakwera njinga yawo, n'kubwerera okha ulendo wonse uja. Sanadikire ngakhale kuthokozedwa.

Ine ndinatsala. Tinapita kumanda, ndinameta, mwambo wonse unatha bwino. Atandisudzula anati ndine womasuka kupita kwathu. Ndinapempha kamalo pafupi, ndipo anandipatsa. Ndinamanga kanyumba. Nsomba ndinayambiranso, koma ngolo ija woyendetsa wake ndine, ndipo pakakhala mayi wa mwezi womaliza m'mudzimo, ine kumsika sindipita. Zivute zitani, sindipita.

Mwana uja sanandizolowere msanga, ndipo sindinamukakamize. Miyezi inapita akundithawa. Kenako anayamba kulandira chinthu m'manja mwanga. Kenako anayamba kuvomera kuti ndimuperekeze kusukulu, koma osanditchula chilichonse. Akafuna kundiitana ankangoti, "Inu."

Lero ndili pano chifukwa ulendo wa chaka chino wayambika. Che Amidu ali panjapo, pansi pa mtengo. Ndinawapempha kuti alowe, akana, akuti njinga ya abusa mabuleki ake akuwachititsa mantha, ndiye akukonza. Mukamatuluka mukawapatse moni. Amene ali ndi kambale ka nandolo, ngolo ya chaka chino ikudikira. Ine ndilibe chowabwezera bambo amenewo. Ndimangopempha Mulungu kuti awasungire mawondo awo.

Ndikuthokoza Ambuye amene sananditaye m'ngalande muja. Ndikuthokoza apongozi anga, amene anandiuza zoona osandithamangitsa. Ndipo ngati muno muli wina amene anathawa pakhomo pake, m'bale wanga, pita. Pita chimanjamanja, ukakhale pansi, akakulankhule. Sudzafa.

Ndimalize ndi ichi. Sabata yatha, ndikumanga katundu kuti ndibwere kuno, Tiyamike anaima patali akundiyang'ana. Anali ndi mnzake wa kusukulu. Mnzakeyo anafunsa kuti, "Kodi amenewa akupitanso osabwera?" Sindinatembenuke. Ndinangomva mwana wanga akuyankha kuti, "Iyayi, abwera. Amenewa ndi ababa anga."

Abale ndi alongo, ndibwerera. Ulendo ukangotha, ndibwerera. Ambuye alemekezeke! Ameni.